Pikapu ya Mkaka

Mutu 7

1. Galimoto yoponda matope

Aliyense wodutsa pa Njuli chaka chimenecho ankaima kaye pa garaja ya a Shabani. Ena ankaseka, ena ankapukusa mitu, ena ankangoti kukamwa yasa. Chimene chinali m'garajamo sichinkadziwika bwino ngati ndi galimoto kapena thirakitala.

Poyamba inali pikapu yakale, yotopa, ya a Gladson Kalinde. A Gladson ndiwo ankatolera mkaka kwa alimi a ng'ombe a kuseri kwa phiri, n'kumakautula kumalo oziziritsira. M'chilimwe zinkayenda bwino. Koma mvula ikangoyamba, msewu wa kumidziko unkasanduka phala. Pikapu inkatitimira mpaka m'mimba, mkaka n'kusasa uli m'zigubu, alimi n'kuutaya misozi ili chuchuchu.

"A Shabani, ndikwezereni galimotoyi," anatero a Gladson tsiku loibweretsa. "Ndikufuna iziponda matope ngati ng'ombe, osati kumagona nawo ngati nkhumba."

"Nkhumbayo muisiye kunja kwa garaja yanga," anayankha a Shabani, amene anali Msilamu wosaphonya mapemphero a swala. "Koma galimotoyo ilowetseni."

Anaseka onse awiri. Anali atadziwana kuyambira ali anyamata.

A Shabani anaigwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Anapita ku Limbe kogulitsa zitsulo zakale, nabwerako ndi masipuling'i a lole imene inafa kalekale. Anawadula, nawasanja pansi pa pikapu, pikapu n'kukwera m'mwamba. Anaiveka matayala akuluakulu a mano, ndipo matayalawo atakana kulowa, anacheka malata a m'mbali mpaka analowa. Paipi yopumira injini anaikweza kufika padenga, kuti powoloka mtsinje madzi asamalowemo. Kumbuyo anamangako khola la zitsulo logwira zigubu, napanganso benchi yodzakhalira amayi operekeza mkaka wawo.

Pa ntchito yonseyi anali ndi mwana wawo wamkazi, Rabia, wa Fomu 3. Rabia akaweruka kusukulu ankavula yunifolomu, n'kuvala ovololo yakale ya mchimwene wake, n'kumanga mpango mothina kuti moto usamutenthe tsitsi. Kuwotcherera zitsulo ankakudziwa, poti bambo ake anayamba kumuphunzitsa ali ku pulayimale.

"Mtsikana wa manja akuda chonchi adzakwatiwa ndi ndani?" ankatero amayi ogulitsa tomato kutsidya kwa msewu.

Anthu a pa Njuli ndi choncho, pakamwa pawo sipapuma. Koma poto wawo akabooka, amayi omwewo ankamutengera kwa Rabia yemweyo.

2. Zimene Rabia anaona pansi pa galimoto

Lachinayi masana ntchito yaikulu inatha. A Shabani anamaliza kuwotcherera zitsulo zinayi zogwira masipuling'i akumbuyo ku msana wa galimoto, umene amakanika amati chasisi. Zitsulo zimenezo ndi zazing'ono, koma ndizo zimasenza katundu yense.

"Zatha, amayi anga," anatero a Shabani, poti akakondwa ankamutchula Rabia choncho. "Lowa pansipo upake penti. Loweruka m'mawa a Gladson adzaitenga."

Rabia analowa chagada, chitini cha penti m'manja. Chitsulo choyamba chinali bwino. Chachiwiri ndi chachitatu chimodzimodzi. Atafika pa chachinayi, dzanja lake linaima.

Msoko wa moto unali wokongola ndithu, wowongoka, wonga wosokedwa ndi telala. Koma unali utadutsa pambali. M'malo molumikiza zitsulo ziwirizo, unagona pa chitsulo chimodzi chokha. Pakati panali mpata, moti Rabia atalowetsapo chikhadabo, chinalowa.

Bambo ake anali asanaphonyepo msoko chibadwire chake. Koma masiku amenewo panali zina zimene iye ankaziona n'kumazikankhira kumbali. Bambo ankafunsa sipanala ili pamapazi pawo pomwepo. Pothira tiyi, wina ankatayikira pathebulo. Anali atasiya kuwerenga, akumati zilembo za masiku ano amazichepetsa dala.

Tsopano zinadziwika. Maso a bambo ake ankatha, ndipo iwo ankabisa.

"Wagona pansipo kodi?" anafunsa a Shabani.

"Ayi, ababa. Penti ndiye walimba. Ndimaliza mawa."

Linali bodza.

3. Mawu a mayi

Madzulo Rabia anawapeza mayi ake, a Bushra, kuseri kwa nyumba akusankha nandolo. Anakhala pansi, nawafotokozera zonse motsitsa mawu.

A Bushra sanadabwe. Anaika lichero pansi, namuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Ukuganiza kuti ine sindikudziwa?" anatero. "Ndine amene ndimawaikira nsapato pamalo amodzi tsiku lililonse kuti asavutike kufunafuna. Tamvera, mwana wanga. Bambo ako alibe munda waukulu, alibe ng'ombe, alibe sitolo. Ali ndi dzina basi. Kuyambira kuno mpaka ku Namadzi, munthu akati ichi anawotcherera ndi a Shabani, palibe amafunsanso kawiri. Dzina limenelo ndilo lakuphunzitsa iwe sukulu. Tsiku limene anthu adzamve kuti a Shabani sakuona, garaja ija idzasanduka khola la mbuzi. Ndipo mwamuna ngati bambo ako, ukamulanda ntchito wamulanda moyo."

"Koma amayi, pa benchi ija padzakhala anthu."

"Ndamva. Sindikuti anthu afe. Ndikuti mwana saloza chala cholakwa cha bambo ake. Kwathu kulibe zimenezo. Ine ndakhala nawo zaka zonsezi, koma sindinawauzepo kuti apa mwalakwa maso ndi maso. Iwe wadzana lomweli, ukayambire pati? Ukalankhula mwaphuma udzawathyola mtima, ndipo mtima wa munthu wamkulu sauwotcherera. Ugone nazo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Rabia anawerama. Mawu a mayi ake anali oona, koma sanatseke mpata uja pansi pa galimoto.

4. Nzeru za Nasir

Lachisanu sukulu inaweruka msanga. Rabia atafika pa garaja anapeza bambo ake atapita kale ku mzikiti. Amene analipo anali mchimwene wake wamkulu, Nasir, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza. Mayi anali atamunong'oneza nkhaniyo m'mawa.

Nasir anali munthu wachangu pa chilichonse, pamsewu ndi pakamwa pomwe.

"Iwe, nkhani yake ndi yosavuta," anatero. "Magetsi alipo, ababa kulibe. Pala msokowo, uwotcherere wina, upake penti. Akamabwera apeza zonse zili phee. Galimoto yalimba, dzina la ababa latsala, aliyense wakondwa. Changu pamalo, mlongo!"

Zinamveka zanzeru ndithu. Rabia anavala ovololo, natenga makina opalira zitsulo, nagwada pambali pa tayala. Asanalowe pansi, maso ake anagwera pa ntchito zina zimene zinkadikira pakhomo. Panali ngolo ya ng'ombe yothyoka chitsulo cha mawilo. Panali wilibala. Panalinso njinga yamoto ya mnzake wa Nasir, yong'aluka pakhosi.

Anaika makina aja pansi.

"Watani kodi?" anafunsa Nasir.

"Achimwene, lero ndikonza ichi. Nanga Lolemba, ine ndili m'kalasi, akamadzawotcherera njinga iyo? Adzalowe pansi ndani?"

"Za Lolemba tidzaziona Lolemba."

"Komanso mukuwadziwa ababa. Ntchito iliyonse isanatuluke amaisisita ndi zala. Msoko wanga amaudziwa. Adzazindikira kuti ana awo tawazembera ngati akuba, ndipo sadzanena kanthu. Adzangokhala nazo mumtima. Zimenezo ndiye zondiopsa ine."

Nasir anakanda mutu. "Ndiye ukawauze wekha. Ine toto, mutu wanga ndimaufuna."

Analiza njinga yake, ulendo wa ku Boma. Anyamata ena ndi olimba mtima pothamangitsa njinga basi.

Rabia anatsala yekha. Anatsuka m'manja, nakhala pa tayala lakale, nadikira.

5. Nyundo

A Shabani anabwera akuyenda pang'onopang'ono, mkanjo wawo woyera uli mbuu m'munsi ndi fumbi. Anapachika kofia pamsomali, navala ovololo.

"Penti yatha?"

"Ayi, ababa." Rabia anagwada monga mwa ulemu, nyundo yaing'ono ili m'manja. "Ndili ndi pempho. Munandiuzapo kuti amisiri akale ankayesa msoko ndi khutu, osati ndi maso okha. Koma simunandionetse. Ndiphunzitseni lero, galimotoyi isanapite."

Nkhope ya a Shabani inawala. Palibe chimene chinkawakondweretsa kuposa mwana wofunsa.

"Eyaa! Tsopano wayamba kukhala mmisiri. Bwera."

Analowa pansi pa galimoto onse awiri, phewa ndi phewa. A Shabani anapapasa chitsulo choyamba, nachimenya ndi nyundo. Chinalira kuti ngwee, kulira kwautali, koyera.

"Wamva? Zitsulo ziwiri zikagwirana bwino zimalira ngati chimodzi. Zimaimba. Zikapanda kugwirana zimangotsokomola."

Anamenya chachiwiri. Ngwee. Chachitatu. Ngwee.

Rabia anatsinzina. A Shabani anasendera pa chachinayi akumwetulirabe, nakweza nyundo.

Phwa.

Kumwetulira kuja kunachoka. Anamenyanso. Phwa. Anaika nyundo pachifuwa, natambasula dzanja, nayendetsa zala pamsoko kuyambira kumwamba mpaka pansi. Chala chawo chinapeza mpata uja, chinaima pomwepo.

Kunja minibasi inkaitanira anthu a ku Limbe, ndipo wina ankatsatsa chimanga chootcha.

"Unaona liti?" anafunsa a Shabani, osatembenuka.

"Dzulo, ababa."

"N'chifukwa chake penti analimba."

"Ndinanama. Mundikhululukire."

Rabia atacheuka anaona msozi ukutsika m'mbali mwa diso la a Shabani, kulowera kukhutu. Anali asanawaonepo bambo ake akulira, ngakhale pa maliro. Chifundo chinamugwira mwakuti naye anayamba kusisima.

"Ayi, ayi, usalire," anatero iwo, akumufunafuna ndi dzanja mpaka anagwira chake. "Ukanatha kufuula pamaso pa anthu. Ukanatha kukonza mobisa. Koma wandipatsa nyundo kuti ndimve ndekha. Ndani anakuphunzitsa ulemu woterewu, amayi anga?"

6. Chenjezo la a Shabani

Anatuluka pansi paja nakhala pa benchi imene anapangira amayi a mkaka, poti inali isanamangidwe pa galimoto. A Shabani anapukuta kumaso ndi mkono wa ovololo.

"Ndikuuze zinthu ziwiri, ndipo uzisunge," anatero. "Choyamba ndi moto wowotcherera uwu. Anyamata ambiri m'magaraja muno amawotcherera opanda chophimba kumaso. Amangotsinzina, kapena kuvala magalasi a dzuwa ogula pamsika, ati chigoba chimachedwetsa ntchito. Maso akamawawa ngati mwalowa mchenga, amaikapo mbatata yaiwisi n'kumaseka, mawa lake n'kubwereza. Ifenso tinakula choncho. Moto uwu sukalipa tsiku lomwelo ayi. Umakusiya ukwatire, ubereke, utchuke, kenako umabwera mwakachetechete. Ine tsopano ndimaona ngati ndili m'kati mwa nkhungu ya pa phiri. Kaya ndi moto womwewo, kaya ndi ukalamba, akudziwa ndi Mulungu. Koma iwe, ngakhale ntchito ikhale yongogunda kamodzi, chigoba kumaso. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

"Chachiwiri ndi manyazi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndakhala ndikudziuza kuti ndi kutopa chabe, mawa ndiona bwino. Ndimaopa kuti anthu aziti a Shabani atha. Taona tsono kumene manyaziwo amanditengera. Galimoto iyi ikanatsika chitunda cha kumtsinje itasenza zigubu zodzaza, chitsulo icho chikanathyoka. Pa benchi tikukhalapoyi pakanakhala amayi a eni, ena ndi ana kumbuyo. Ndikanasunga dzina langa ndi magazi a anthu. Mmisiri woopa kunena kuti apa sindingathe ndi woopsa kuposa mbuli."

Rabia anayang'ana manja a bambo ake, odzaza zipsera za moto.

"Ku chipatala cha ku Boma amaona maso," anatero motsitsa. "Aphunzitsi athu ena anachitidwa opaleshoni, pano akuwerenga bwinobwino. Mwina si mochedwa."

"Mwina. Tidzapita, ukandiperekeze iweyo." Anapuma mozama, kenako anaimirira, napapasa pakhoma, natsitsa chigoba chawo cha galasi lakuda. Chigoba chimenecho palibe wina ankachigwira. Rabia anali ndi chake chaching'ono, chong'aluka pakona.

"Tenga ichi. Msoko uwu ndi wako."

7. Msoko wa Rabia

Rabia anapala msoko wolakwika uja mpaka chitsulo chinayera. Anapanikiza zitsulo ziwirizo kuti mpata utsekeke, natsitsa chigoba kumaso, nayatsa moto.

A Shabani anakhala pambali pa tayala, atafulatira kuwalako, khutu lili tcheru.

"Wathamanga," ankatero. "Moto ukulira ngati mvula ya matalala. Chepetsa dzanja. Eya, choncho. Uzilira ngati nsomba m'mafuta. Usanyamule ndodo yowotchererayo. Pitiriza, pitiriza, amayi anga."

Thukuta linkatsikira m'maso mwa Rabia, mkono unkawawa, koma sanaime mpaka anafika kumapeto. Anadikira kuti chitsulo chizizire, nagogoda makoko akuda a pamwamba. Kenako bambo ake analowa, nayendetsa zala pamsoko watsopanowo pang'onopang'ono, kawiri konse.

"Ndiuze mmene ukuonekera," anatero.

"Wadutsa pakati penipeni. Wagwira mbali zonse ziwiri. Koma kumapeto kwake wanenepa pang'ono."

"Wanenepa ngati mwini wake ali khanda," anaseka a Shabani. "Ulibe vuto. Uwu udzatha galimoto itatha kale."

Anatuluka akusekabe, Rabia ali pambuyo pawo, chigoba chachikulu chija chili m'manja. Dzuwa linali likadali pamwamba, kunja kuli ngwee.

Pakhomo pa garaja panali pataima munthu. Anali chiimire ndi kachigubu ka mkaka m'manja, mphatso imene ankabweretsera mnzake Lachisanu lililonse. Anali a Gladson, ndipo nkhope yawo inkasonyeza kuti sanangofika kumene.

A Shabani anaona chithunzithunzi chokha. Anatchinga dzuwa ndi dzanja, nasuzumira.

"Takulandirani, bambo. Tikuthandizeni chiyani?"

A Gladson anayang'ana mnzawo wa paubwana, amene anaima pafupi moti akanatha kugwirana chanza, koma osawazindikira. Anayang'ana chigoba m'manja mwa mtsikana. Anayang'ana galimoto yawo.

"Shabani," anatero potsiriza. "Ndine Gladson."

Rabia anatsegula pakamwa. Mabodza anali atafika kale palilime: dzuwa lawathobwa m'maso, utsi wawalowa, atopa. Akananena limodzi lokha, mwina dzina la bambo ake likanagonanso tsiku lina.

Koma dzanja la zipsera lija linamugwira pamkono.

"Usandiyankhire, mwana wanga," anatero a Shabani. Anawongoka, nayang'ana kumene kunachokera mawu a mnzawo. "Gladson, ika mkakawo pansi, ukhale apa. Usanakweze munthu aliyense pa galimoto iyi, pali zimene uyenera kumva, ndipo uzimva kwa ine."

A Gladson sanakhale. Anaima pomwepo, kachigubu kali m'manja, ndipo kutsidya kwa msewu amayi a tomato anali atasiya kutsatsa.